Kuchokera ku Dubai kupita ku Guangzhou: mmene mungawerengere nokha mtunda ndi maola a m'ndege

Azakhali anga amaoda nsalu za makatani ndi zikwama za amayi ku Guangzhou. Zaka zonsezi ankadzera ku Addis Ababa, koma ulendo wina anafuna kuyamba aima ku Dubai masiku awiri, aone mitengo ya mafuta onunkhira, kenako apitirire ku China. Tikiti italowa pa foni anandiitana. Inkasonyeza kuti anyamuka ku Dubai 10:30 m'mawa n'kukatera ku Guangzhou 22:00. Anawerenga ndi zala, n'kupeza maola 11 ndi theka.

"Mwanawe, msana wangawu ukafika?"

Kenako anasuzumira pa tsiku lobwerera: kunyamuka 00:15, kutera ku Dubai 04:30. "Aa, pobwera ndiye maola anayi okha? Ndege yobwererayi ndi ina, yothamanga?"

Manambala onse awiri anawapusitsa. Popita ulendowo unali wa maola 7 ndi theka, pobwerera wa maola 8 ndi mphindi 15. Ulendo umene iwo ankauona ngati waufupi ndiye unali wautali. Tikiti sinaname, koma imalankhula ndi mawotchi awiri osiyana osakuuzani. Tinakhala pakhonde ndi pepala ndi bolopeni, ndipo zimene tinachita tsiku limenelo ndi zimene ndikukuonetsani pano. Mukazigwira pa Dubai ndi Guangzhou, muzigwiritsa ntchito pa mizinda ina iliyonse. Nthawi zimene ndikutchula muzitenge ngati chitsanzo, chifukwa makampani a ndege amasintha ndandanda yawo nyengo ndi nyengo.

Choyamba: dziwani bwalo lenileni, osati dzina la mzinda lokha

Ndege siyenda pakati pa mizinda, imayenda pakati pa mabwalo. Bwalo lililonse lili ndi zilembo zitatu zolizindikiritsa, monga mmene la Kamuzu ku Lilongwe lilili LLW. Yang'anani zilembo zimenezi pa tikiti musanachite china chilichonse.

Dubai ili ndi mabwalo awiri. DXB ndi bwalo lalikulu lija, limene lili m'kati mwa mzinda, pafupi ndi misika ya Deira. DWC ndi la Al Maktoum, kutali kumwera chakumadzulo, cha ku Jebel Ali. Pali lina lachitatu limene anthu amaliwerengera ku Dubai ngakhale lili mumzinda wina woyandikana nawo, SHJ, la ku Sharjah. Matikiti otchipa nthawi zina amanyamukira kumeneko.

Bwalo la Guangzhou limatchedwa Baiyun, ndipo zilembo zake ndi CAN. Musadabwe kuti mulibe G. Azungu akale ankautchula mzindawu kuti Canton, ndipo dzinalo linatsalira pa zilembozi komanso pa chionetsero chachikulu cha malonda chija, Canton Fair, chimene chimachitika kawiri pa chaka kuyambira mu 1957. Mukaona SZX ndiye kuti mukatera ku Shenzhen, mukaona HKG ndi ku Hong Kong. Pa mapu mizinda itatuyi imaoneka ngati yogundana, koma kuchokera ku Hong Kong mudzafunika kudutsa chipata china cha malire ndi ulendo wina wa basi kapena sitima.

Ife tiwerenga DXB mpaka CAN.

Chachiwiri: pezani mtunda

Njira yachidule ndi iyi. Tsegulani webusaiti ya Great Circle Mapper, mulembe DXB-CAN, ndipo ikupatsani nambala. Ngati muli pa kompyuta ndi Google Maps, dinani batani lakumanja la mbewa pa bwalo la Dubai, musankhe zoyeza mtunda, kenako mudine pa bwalo la Baiyun. Njira zonse ziwiri zikupatsani makilomita pafupifupi 5,830. Kuti muumve bwino mtundawu, msewu wa Lilongwe kupita ku Blantyre kudzera pa Zalewa ndi makilomita cha m'ma 310, ndiye kuti ndi ngati kuyenda msewu umenewo maulendo 19.

Chenjerani ndi muyezo umene nambalayo yabwera nawo. Mawebusaiti ena amalemba mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.609, choncho muona 3,620 ndi kanthu. Oyendetsa ndege amagwiritsa mailosi ina ya panyanja, ya makilomita 1.852, ndipo kwa iwo mtunda womwewu ndi cha m'ma 3,150. Manambala atatu, mtunda umodzi. Ndinaonapo anthu awiri akukangana pa gulu la WhatsApp la amalonda, wina akuti 5,800 wina akuti 3,600, aliyense akunena kuti mnzake sanapiteko, chonsecho onse akunena zoona.

Mukayang'ana mzere umene kompyuta yajambula muona kuti wapindikira kumpoto ngati uta. Dubai ili pa madigiri 25 kumpoto kwa equator, Guangzhou pa madigiri 23, koma pakati pa ulendo mzerewo umakwera kufika cha m'ma 27, pafupi ndi malire a India ndi Nepal. Si kulakwitsa kwa makina. Mapu a pakhoma ndi dziko lozungulira limene alipsinja kuti likhale lafulati, ndipo mzere wowongoka pa pepala si ndiwo waufupi pa mpira. Ngati pasukulu yapafupi pali mpira uja wojambulidwa mayiko, tengani ulusi, mugwirize mbali ina pa Dubai, ina pa Guangzhou, mukoke kuti ukungike. Pamene ulusiwo wagona ndi pamene pali njira yaifupi kuposa zonse.

Amene mumakonda masamu mukhoza kuyerekeza popanda intaneti. Dubai ili pa madigiri 55 kum'mawa, Guangzhou pa 113, kusiyana kwake madigiri 58. Pa equator digiri imodzi ndi makilomita 111, koma mizere ya pa mapu yolekanitsa madigiri amenewa imayandikirana mukamalowera kumpoto, moti pamene pali mizinda iwiriyi digiri imodzi imakhala makilomita cha m'ma 101 ndi theka. Chulukitsani ndi 58 mupeza pafupifupi 5,890. Mwaphonya ndi makilomita 60 okha, ndipo ambiri mwa amenewo ndi amene uta uja umapulumutsa.

Chachitatu: sandutsani makilomita kukhala maola

Ndege zazikulu zimene zimayenda njira imeneyi, monga Boeing 777, zikafika pamwamba zimathamanga makilomita pafupifupi 900 pa ola. Koma musagawe ndi 900. Ndege imayamba pang'onopang'ono pokwera, imachepetsa liwiro potsika, ndipo nthawi zina imazungulira kudikira mpata woti itere. Ine ndimagawa ndi 850, kenako ndimawonjezera theka la ola.

5,830 kugawa ndi 850 ndi 6.86. Apa pali kamsampha: 6.86 si maola 6 ndi mphindi 86, ndiponso 7.5 si maola 7 ndi mphindi 50. Zimene zatsala pambuyo pa kadontho muzichulukitse ndi 60. Ndiye 0.86 kuchulukitsa ndi 60 ndi mphindi 52. Maola 6 ndi mphindi 52, kuwonjezera theka la ola lija, tafika pa maola 7 ndi mphindi 22.

Theka la olali ndi la pansi. Nthawi yolembedwa pa tikiti siyambira pamene matayala achoka pansi. Imayambira pamene ndege yasuntha pa geti, n'kuthera pamene yaima pa geti la kumene ikupita. A m'ntchitoyi amati block time. Pa bwalo lotanganidwa ngati DXB, ndege imatha kuyenda pansi ngati basi kwa mphindi 20, kuima pamzere kumbuyo kwa zinzake, inu mutamanga kale lamba. N'chifukwa chake woyendetsa akalankhula pa maikolofoni amatchula nthawi yocheperapo kuposa ya pa tikiti. Iye akunena za m'mwamba mokha.

Nambala yanuyi muisunge. Ndi chingwe chimene muyezere zonse zimene tikiti ikunena. Ikakuuzani maola 11 kapena 4 pa ulendo wosaima panjira, mudziwa kuti penapake pali wotchi imene simunaikonze.

Chachinayi: ikani nthawi zonse pa wotchi imodzi

Apa ndi pamene panagona vuto la azakhali, ndipo ngati mungaiwale zina zonse, ichi chokha musachiiwale. Nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi nthawi ya pamalo pomwepo. Yonyamukira ndi ya mzinda umene mukuchoka, yoterera ndi ya mzinda umene mukupita.

Dubai ili patsogolo pa Malawi ndi maola 2. Guangzhou ili patsogolo ndi maola 6. Kusiyana kwa mizinda iwiriyi ndi maola 4. Dziko lonse la China, kukula konse kuja, limayendera wotchi imodzi ya ku Beijing, choncho kaya mutera ku Guangzhou, ku Shanghai kapena ku Kunming, ndi maola 6 omwewo. Zabwino zake n'zakuti United Arab Emirates ndi China sasuntha mawotchi awo chaka chonse monga amachitira ku Britain, ndiye manambalawa sasintha kaya ndi mu January kaya mu July.

Ena amaphunzitsa kuti muzichotsa kapena kuwonjezera 4 kutengera kumene mukulowera. Ine njira imeneyo sindiikhulupirira, chifukwa munthu ukatopa umasokoneza kuti uchotse kapena uwonjezere. Chabwino n'kubweretsa nthawi zonse pa wotchi ya kwanu, imene mutu wanu unazolowera. Ya ku Malawi ndi yofanana ndi ya ku Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, ndiye amene mumakwerera ku Lusaka, ku Harare kapena ku Johannesburg masamu ake ndi omwewa.

Lembani chonchi. Kunyamuka ku Dubai 10:30, chotsani 2, kwathu ndi 08:30. Kutera ku Guangzhou 22:00, chotsani 6, kwathu ndi 16:00. Kuyambira 08:30 kufika 16:00 ndi maola 7 ndi theka. Taonani mmene zayandikirana ndi maola 7 ndi mphindi 22 amene tinawerenga aja.

Pobwerera: kunyamuka ku Guangzhou 00:15, chotsani 6, kwathu ndi 18:15, koma dzulo lake. Kutera ku Dubai 04:30, chotsani 2, kwathu ndi 02:30. Kuyambira 18:15 madzulo kufika 02:30 usiku ndi maola 8 ndi mphindi 15.

Azakhali atayang'ana pepalalo anagwira pakamwa. "Ndiye ndikatera kumeneko anthu akugona, kuno ana asanaweruke n'komwe ku masewera?" Eya. Ndipo thupi limakhala likuyendabe ndi wotchi yakale. Pa 22:00 ya ku Guangzhou, mimba yanu ikudziwa kuti ndi 6 koloko madzulo ya ku Dubai, tulo sitibwera, ndipo m'mawa mwake pamene mashopu akutsegula inu m'maso muli mchenga. Ngati mungathe, tsiku loyamba musapangane ndi aliyense m'mamawa.

Mukaona kachizindikiro ka +1 pafupi ndi nthawi yoterera, ndiye kuti mukatera tsiku lotsatira. Ndipo ngati tikiti yanu ikudzera ku India, kumbukirani kuti wotchi yawo ili ndi theka: ili patsogolo pa yathu ndi maola 3 ndi mphindi 30.

Chachisanu: werengani ulendo wobwerera paokha

Mtunda ndi womwewo, ndege mwina ndi yomweyo, koma kubwerera kwatenga mphindi 45 zowonjezera. Chifukwa chake ndi mphepo.

Kumene ndegezi zimayenda, makilomita 10 mpaka 12 kuchokera pansi, kuli mtsinje wa mphepo umene umachokera kumadzulo kupita kum'mawa. Dzina lake ndi jet stream. M'miyezi yozizira ya kumpoto, kuyambira cha mu December mpaka mu March, mtsinjewu umadutsa pamwamba pa Arabia, kumpoto kwa India ndi kumwera kwa China, m'njira yathu yomweyi, ndipo pakati pake umatha kuthamanga makilomita opitirira 200 pa ola. Wopita ku Guangzhou mphepoyi imamukankha kumsana. Wobwerera ku Dubai imamuomba pamphumi.

Tiyerekeze kuti ulendo wonse mphepoyo ikuomba makilomita 80 pa ola. Popita ndege ikudutsa nthaka pa 980, ndipo makilomita 5,830 atha m'maola osakwana 6. Pobwerera ikudutsa pa 820, ndipo afunika maola 7 ndi mphindi zingapo. Kusiyana kwapitirira ola lathunthu. Zili ngati wa bwato pa Shire: kutsika ndi madzi nkhafi imangowongolera, kukwera ndiye thukuta. M'chilimwe cha kumeneko, cha mu June mpaka August, mtsinje wa mphepowu umasamukira kumpoto kwa mapiri a Himalaya, ndipo kupita ndi kubwera zimayandikirana.

Pali maganizo ena amene ndimawamva kawirikawiri, akuti popeza dziko limazungulira kulowera kum'mawa, wopita kumadzulo ayenera kufika msanga chifukwa Dubai ikubwera kudzakumana naye. Zikanakhala choncho, bwenzi munthu akangodumpha m'mwamba ku Mchinji akutera ku Chipata. Mpweya umazungulira limodzi ndi dziko, ndipo ndege ili m'kati mwa mpweyawo.

Ndiye pa pepala lanu lembani mizere iwiri. Popita, maola 7 mpaka 7 ndi theka. Pobwerera, onjezerani mphindi 30 mpaka ola limodzi, makamaka ngati mukuyenda chakumayambiriro kwa chaka.

Chachisanu ndi chimodzi: onani mmene ndegeyo yakhala ikuyendera masiku apitawa

Ulusi uja unatipatsa njira yaifupi, koma ndege siloledwa kungoutsata. M'mwamba muli misewu yake, ndipo dziko lililonse limalamula za thambo lake. Komanso oyendetsa amapewa kudutsa pamwamba pa Himalaya ndi Tibet. Mpweya wa m'kati mwa ndege ukathawa mwadzidzidzi, amayenera kutsika msanga kufika pa mamita pafupifupi 3,000 pamene munthu angapume bwino, koma kumeneko nthaka yeniyeniyo ili pamwamba kuposa apo. Choncho ndege za Dubai kupita ku Guangzhou zimakonda kudutsa pa India, kulowera cha ku Bangladesh ndi Myanmar, n'kulowa mu China chakumwera chakumadzulo. Makilomita enieni amaposa 5,830 aja pang'ono.

Nthawi zina amaposa kwambiri. Mu 2019 dziko la Pakistan linatseka thambo lake kuyambira kumapeto kwa February, ndipo silinatsegule lonse mpaka mu July. Ndege zambiri zopita kum'mawa zinkachita kulambalala. Zoterezi masamu a pakhonde sangazione.

Chimene chingazione ndi mbiri ya ndegeyo. Pa tikiti pali nambala yake, zilembo ziwiri ndi manambala: EK ndi Emirates, CZ ndi China Southern, imene likulu lake lili ku Guangzhou komweko. Lembani nambalayo mu Flightradar24 kapena FlightAware, muyang'ane maulendo a sabata yapitayi. Muona nthawi imene inayenera kunyamuka, imene inanyamukadi, ndi maola amene inakhala m'mwamba. Mukaona kuti masiku asanu mwa asanu ndi awiri yachedwa ndi theka la ola, theka limenelo muliwerengere ngati gawo la ulendo. Ku Guangzhou kumagwa mvula yamabingu yambiri kuyambira mu April, ndipo cha mu July mpaka September ndi nyengo ya anamondwe ochokera kunyanja. Kuchedwa m'miyezi imeneyi si chachilendo.

Chachisanu ndi chiwiri: ngati tikiti ndi yoima panjira

Tikiti yotsika mtengo kawirikawiri imakudzeretsani kwina. Musaiweruze ndi mtengo wokha. Iduleni zidutswa, chilichonse muchiwerenge monga tachitira pamwambapa, kenako muphatikize ndi maola odikira.

Tiyerekeze yodzera ku Bangkok. Dubai kufika ku Bangkok ndi makilomita pafupifupi 4,900, Bangkok kufika ku Guangzhou pafupifupi 1,700. Pamodzi ndi 6,600, kutanthauza makilomita ena pafupifupi 800 pamwamba pa njira yolunjika. Chigawo choyamba, 4,900 kugawa ndi 850 kuwonjezera theka la ola, ndi maola 6 ndi mphindi 15. Chachiwiri masamu akupatsani maola 2 ndi theka, koma pa maulendo aafupi lamulo lathuli limachepetsako, chifukwa gawo lalikulu la nthawi limathera pokwera ndi potsika, ndiye lembani maola 3. Ikani pakati maola 4 odikira. Ulendo wa maola 7 ndi theka wasanduka wa maola opitirira 13. Mukanyamuka ku Dubai 9 koloko m'mawa, mukatera ku Guangzhou cha m'ma 2 koloko usiku, sitima za pansi pa nthaka zitasiya kale kuyenda, ndipo ndalama imene munapulumutsa ija ina ithera pa takisi. Wotchi ya ku Bangkok ili patsogolo pa yathu ndi maola 5, ndiye tikiti imeneyi ili ndi mawotchi atatu.

Yang'anitsitsaninso zilembo zitatu zija. Bangkok ili ndi BKK ndi DMK, mabwalo awiri otalikirana. Mukatera pa lina n'kukanyamukira pa linalo, mudzayenera kutuluka, kutenga zikwama, kudutsa m'tauni, ndipo kutuluka koteroko kumafuna chilolezo cholowera m'dzikolo. Chimodzimodzi ngati mwagula matikiti awiri osiyana m'malo mwa imodzi yolumikizana: zikwama sizidzadzipititsa zokha, ndipo ndege yoyamba ikachedwa, yachiwiri ilibe nanu mangawa. Funsani amene akukugulitsani tikiti funso limodzi ili: zikwama zanga ndikazitengera kuti? Akayankha kuti ku Guangzhou, muli bwino.

Pali matikiti enanso amene amakubwezani m'mbuyo kaye. Yodzera ku Doha imayamba ndi kulowera kumadzulo makilomita pafupifupi 380, kenako n'kudzadutsanso pafupi ndi pamene munachokera. Sikuti ndi yoipa, koma muidziwe.

Ndipo ngati ku Dubai mulibe chochita chenicheni, dzifunseni ngati kuli kofunika kudzerako. Kuchokera ku Addis Ababa kuli ndege yolunjika ku Guangzhou, mtunda wa makilomita pafupifupi 8,000, ndipo kwa wochokera ku Lilongwe imeneyo ndi njira yosakhota kwambiri poyerekeza ndi yodzera ku Dubai.

Chomaliza: onjezani maola a pansi, ndipo muyang'ane tsiku kawiri

Maola 7 ndi theka ndi a pampando basi. Ulendo weniweni umayambira pakhomo la hotelo. Ku Dubai werengani mphindi 30 mpaka 45 za pamsewu ngati mwagona cha ku Deira kapena ku Bur Dubai, ndipo mudziwiretu chigawo cha bwalo chimene mukupita: Emirates imanyamukira ku Terminal 3, makampani ena ambiri akunja ku Terminal 1. Fikani maola 3 ndege isananyamuke. Pa kauntala yoperekera zikwama amatseka kutatsala pafupifupi ola limodzi, ndipo kuchoka pamenepo kukafika pa geti ndi kamtunda ndithu.

Ku Baiyun, mukatsika pali mzere wa a zolowa ndi kutuluka m'dziko, kumene amaona viza ndi kujambula zala, kenako kudikira zikwama. Ikani ola limodzi mpaka limodzi ndi theka. Bwaloli lili makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa mzinda, ndipo kukafika ku Xiaobei kapena ku Sanyuanli, kumene amalonda ambiri a ku Africa amafikira, werengani ola lina. Kuphatikiza zonse, khomo ndi khomo, ndi maola 13 mpaka 14. Masabata a Canton Fair, mu April ndi May komanso mu October ndi November, mizere imatalika.

Tsopano 00:15 uja. Mnzawo wa azakhali, mayi wozolowera maulendo, anali ndi tikiti yolembedwa Lachisanu 00:15. Lachisanu masana anali mumsika akumangitsa makatoni, madzulo anasamba bwinobwino, n'kufika pabwalo cha m'ma 9 koloko, akuona ngati wafulumira. Ndege yake inali itapita usiku wa dzulo lake. 00:15 ya Lachisanu ndi mphindi 15 chabe Lachinayi litangotha, ndiye wokwera amayenera kukhala pabwalo Lachinayi cha m'ma 9 koloko usiku. Anagula tikiti ina ndi ndalama ya katundu. Ndege zambiri zochokera ku China kupita ku Gulf, chigawo chimene kuli Dubai, ndi ku Africa zimanyamuka pakati pa usiku chonchi, ndiye nthawi iliyonse yoyamba ndi 00 kapena 01 muichite nayo mantha. Pa kalendala yanu chongani tsiku la dzulo lake, ndipo hotelo muilipire mpaka tsiku limenelo.

Zonsezi muzilembe pa pepala, osati pa foni pokha. Ku China Google, WhatsApp ndi Facebook siziyenda pa intaneti wamba ya kumeneko, ndipo simukufuna kuyamba kusaka nthawi ya ndege muli pakati pa msika foni ikungozungulira. La azakhali tinalemba mizere itatu: tsiku ndi ola lochoka pa hotelo, ola lonyamuka, ola lotera, ndipo pambali pa lililonse nthawi ya kwathu. Pepala lina lofanana nalo tinalimata pa chitseko cha firiji kunyumba, kuti otsala asayambe kuimba mafoni ndi nkhawa munthu akadali pamwamba pa India. Pansi pake azakhali anawonjezera ndi dzanja lawo: "Lachinayi, 8 koloko usiku, takisi."